Sajeni wanga ananditsutsa pamaso pa anyamata, ndimulembere lipoti?

Funso: "Bambo, ndine ofesala wamng'ono wa asilikali a pamadzi. Ndangopatsidwa boti loyendera nyanja, ndipo mwa anthu anga muli a sajeni amene anayamba ntchito ine ndili ku pulayimale. Sabata yatha ndinalamula kuti tinyamuke madzulo, iwo anayankha anyamata onse akumva kuti mwera ukubwera, ndi bwino tidikire m'mawa. Ndinachita manyazi, ndinawakalipira, tinanyamuka. Mwera unatipezadi ndipo tinafika movutikira. Chiyambire tsikulo aliyense amangoti 'inde bwana', palibe amandiuza kanthu. Mnzanga akuti ndiwalembere lipoti a sajeniwo kuti ena atengerepo phunziro. Kodi munthu wonditsutsa chonchi ndi wokhulupirika kwa ine? Ndingatani kuti anthu anga azindidalira?"

Achimwene, khazikani mtima pansi. Pa zaka zimene ndagwira ntchito pamadzi ndi kuphunzitsa maofesala ongoyamba kumene, sindikukumbuka ndi mmodzi yemwe amene sanakumane ndi sajeni wotere m'miyezi yake yoyambirira. Inu muli ndi nyota paphewa ndi maphunziro m'mutu, koma nyanja mukuidziwa pang'ono. Iwo nyota yanuyo alibe, koma mwera amaumva usanafike. Kugundana kumakhalapo ndithu, ndipo palibe chimene chawonongeka chosatheka kukonza. Lipotilo musalembe. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata mwanu ndi "inde bwana" amene watsatirayo, chifukwa pamadzi kukhala chete kotereku kwaphetsa anthu ambirimbiri.

Pa 22 June 1893, gulu la sitima zankhondo za Britain la pa nyanja ya Mediterranean linkayandikira doko la Tripoli, ku Lebanon wa lero. Kunja kunali kowala, nyanja ili phee, mdani kulibe. Mkulu wa gululo anali Admiral George Tryon, katswiri woyendetsa sitima zambiri pamodzi, munthu wamkulu thupi ndi woopedwa, amene sankakonda kufotokoza zimene akuganiza chifukwa ankafuna kuti maofesala ake azolowere zodzidzimutsa. Sitima zinkayenda m'mizere iwiri yoyandikana, pakati pake mpata wa mamita pafupifupi 1,100. Tryon analamula kuti mizere yonse iwiri itembenukire m'kati, moyang'anizana, kuti ibwerere kumene ikuchokera. Sitima zazikulu zotero sizitembenuka ngati bwato. Kuti ziwiri zikhotere m'kati osagundana pankafunika mpata wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo masamu amenewa maofesala a pa sitima yake, HMS Victoria, ankawadziwa. Mmodzi anamuuza mwaulemu kuti mpatawo wachepa, iye anaoneka ngati wavomera, koma lamulo lolembedwa linatuluka ndi nambala yomwe ija. Atamukumbutsa, anangoti zikhale choncho. Palibe anaumirira.

Wotsogolera mzere wachiwiri, Admiral Albert Markham, ali pa HMS Camperdown, anaona mbendera za lamulolo n'kuzengereza kuvomera. Tryon anamutumizira funso gulu lonse likuona: mukudikira chiyani? Markham anamvera, ndipo pambuyo pake anati ankaganiza kuti mkulu wakeyo ali ndi nzeru ina imene iye sakuiona. Kaputeni wa Victoria, Maurice Bourke, anapempha kangapo chilolezo chobweza injini m'mbuyo, chilolezocho chinabwera mochedwa. Mphuno yachitsulo ya Camperdown, yopangidwira kubowola sitima za adani, inalowa m'nthiti mwa Victoria. Pasanathe mphindi 15 sitimayo inagudubuka n'kumira. Anafa anthu 358, Tryon ali m'gulu lomwelo. Bwalo la asilikali limene linakhala ku Malta linati wolakwa ndi Tryon, koma linadandaulanso kuti Markham sananene poyera kukayika kwake. Tsiku limenelo palibe anagalukira, palibe anachita mwano, aliyense anamvera. Anasowa munthu mmodzi wonga sajeni wanu.

Musaganize kuti izi zimagwera mabwana oopedwa okha. Pa 9 February 2001 sitima ya America yoyenda pansi pa madzi, USS Greeneville, inavuuka mwadzidzidzi pafupi ndi Hawaii n'kugunda Ehime Maru, sitima ya ku Japan yophunzitsira usodzi. Anafa anthu 9, anayi mwa iwo ana asukulu. Kaputeni wake, Scott Waddle, anali waluso ndiponso wokondedwa ndi anthu ake. Tsikulo anali ndi alendo, nthawi inali itatha, anasuzumira pamwamba mwachangu n'kunena kuti pafupi palibe kanthu. Wachiwiri wake ankaona kuti zinthu zikuchitika mopupuluma koma sanalankhule. Msilikali wotsata sitima zina pa makina anali ndi chizindikiro choti ina ili pafupi, nayenso sananene. Bwana waona ndi maso ake, ife ndani? Apa anthu anatsekedwa pakamwa ndi kugomera bwana wawo, ndipo mapeto ake anafanana ndi a mantha.

Tibwere kwa sajeni wanu. Zimene ananena zinali zoona, nyanja yomwe inachitira umboni. Malo amene ananenera ndiwo ovuta, ndipo pamenepo muli ndi mfundo, chifukwa kutsutsa lamulo pamaso pa anyamata kumagwedeza mpando wa ofesala, makamaka watsopano. Koma dzifunseni ngati munawapatsa malo ena onenera. Munawaitanira pambali musanalamule? Ngati anamva za ulendowo nthawi imodzi ndi anyamata, zingwe zili pafupi kumasulidwa, anatsala ndi njira ziwiri: kulankhula pagulu, kapena kukusiyani mukalowe mu mwera. Anasankha yowaika iwo eni pa moto. Munthu wosakufunirani zabwino akanangovomera n'kudikira kuti nyanja ikuchititseni manyazi. Ndipo mwalemba nokha kuti mutaumirira munanyamuka, kutanthauza kuti anamvera. Kuchenjeza kenako n'kutsata lamulo loyenera si mlandu m'gulu la asilikali lililonse limene ndikulidziwa.

Aitaneni muli awiri, pa boti pomwepo ntchito itatha, osati mu ofesi ataima njo. Auzeni mwachidule kuti za mwera zija anaona bwino ndipo kuwakalipira kuja sikunali koyenera. Mawu awiri atatu akwana, musachite kugwada. Kenako gwirizanani chimodzi: inu muziwafunsa musanatulutse lamulo la ulendo, iwo akakhala ndi chokayikitsa azikukokerani pambali, kupatula ngozi ikakhala pamphuno, pamenepo afuule pamaso pa aliyense. Mukamva zonse chigamulo ndi chanu, ndipo chikaperekedwa iwo ndiwo oyamba kuchitsatira. Popeza munawakalipira anyamata akumva, pezaninso mpata woti anyamata omwewo akumveni mukunena kuti "a sajeni analondola tsiku lija." Sadzayankha kanthu, koma pakapita masabata angapo mudzaona wina akubwera yekha kudzakuuzani kuti pampu ikudontha. Mnzanu akuti lipoti lipatsa ena phunziro. Lidzawapatsadi, ndipo phunziro lake lidzakhala lakuti pa boti lanu wonena zoona amalembedwa.

Ndinagwirapo ntchito pansi pa bwana wina amene m'buku la malamulo a usiku ankalemba bwino lomwe kuti mlonda akakayika chilichonse amudzutse. Usiku wina mnyamata wa pa ulonda anaona kuwala kutsogolo, sanadziwe ngati ndi sitima kapena ayi, anatsika kukagogoda. Bwana anakwera atavala kabudula, anayang'ana, anapeza kuti ndi nyali za asodzi a usipa, kutali ndithu. Sanamulange. Anangomufunsa pamaso pa woyendetsa kuti, "Kwanu kulibe nyali?" Anthu anaseka. Kuchokera usiku umenewo chitseko chake sichinagogodedwenso, ngakhale pamene panali chifukwa, ndipo mawu a m'buku aja anangotsala inki. Amene anabwera pambuyo pake ankadzutsidwa kawiri katatu usiku umodzi, nthawi zambiri pa zinthu zachabechabe, ndipo yankho lake silinkasintha: "Wachita bwino, ukaonanso undidzutse." Iye ankagona pang'ono, koma enafe tinkagona tulo tabwino.

Amene amakulangizani kuti muume mtima kuti anthu akuopeni, afunseni ngati anamvapo za Hugh Pigot, kaputeni wa sitima yankhondo ya Britain, HMS Hermione, ku nyanja ya Caribbean. Mu September 1797 amalinyero ali pamwamba pa mlongoti kupinda matanga, Pigot anafuula kuti womaliza kutsika akwapulidwa. Omaliza kutsika nthawi zonse ndi amene ali kunsonga kwenikweni, amene ntchito yawo ndiyo yovuta kuposa onse. Pothamangira, atatu anagwa n'kufera pa sitima pomwepo. Pigot analamula kuti mitembo iponyedwe m'madzi, ndipo m'mawa mwake anakwapula amene anang'ung'udza. Usiku wa pa 21 September amalinyero anamupha pamodzi ndi maofesala ena ambiri, n'kukapereka sitima kwa adani, a ku Spain, pa doko la La Guaira ku Venezuela wa lero. Oposa 20 anadzagwidwa n'kunyongedwa, choncho palibe anapindula. Koma chikoti sichikhala chokha chogwetsa kaputeni. William Bligh wa sitima ya Bounty sankakwapula kwambiri poyerekeza ndi anzake a nthawi imeneyo, ndipo luso lake linali losakayikitsa: amalinyero ake ogalukira atamutaya m'kaboti kapululu ndi anthu 18 mu April 1789, anakafika nako ku Timor, ulendo wa makilomita oposa 6,000. Chinamugwetsa ndi lilime, kunyoza maofesala ake pagulu, mpaka kumuneneza Fletcher Christian, amene anadzatsogolera kugalukirako, kuti waba kokonati. Ndikukutchulirani Bligh chifukwa inunso chida chimene munagwiritsa ntchito tsiku lija chinali lilime.

Funso lanu lachiwiri, loti anthu azikudalirani, yankho lake limakhumudwitsa maofesala achinyamata chifukwa mulibe zaungwazi. Limayambira m'mimba ndi m'thumba. Mu April 1797 amalinyero a sitima zankhondo za Britain ku Spithead, pafupi ndi doko la Portsmouth, anakana kukweza nangula dziko lawo lili pa nkhondo ndi France. Malipiro awo anali asanakwezedwe kwa zaka zoposa 100, phoso linkayezedwa ndi sikelo yoperewera, odwala sankasamalidwa, ndipo makalata awo odandaula anangonyalanyazidwa. Sanapemphe kuti chikoti chithe. Anasunga mwambo pa sitima, analonjeza kuti adani akatuluka adzapita kukamenya nkhondo, ndipo nkhaniyo inatha pamene Lord Howe, nkhalamba imene ankaikhulupirira, anayenda yekha sitima ndi sitima atanyamula chikhululukiro cha mfumu. Pa sitima yankhondo ya Russia, Potemkin, mu 1905 kugalukira kunayambira pa nyama ya mphutsi imene dokotala wa sitima anati ndi yodyeka. Ku Invergordon, ku Scotland, mu September 1931, amalinyero anakana ntchito: malipiro a ambiri mwa iwo anadulidwa kuchoka pa mashilingi 4 kufika pa 3 patsiku, pamene maofesala anadulidwa gawo laling'ono, ndipo ambiri anaimva nkhaniyo m'nyuzipepala mabwana awo asanawauze. Kuimva kwa akunja kumeneko kunawawa pafupifupi ngati shilingi yomwe.

Pa boti lanu zimenezi ndi zinthu zing'onozing'ono. Ndani alawansi yake yakakamira ku ofesi, ndipo mwapitako kangati kukaifunsa? Ndani mkazi wake ali m'chipatala? Amene anapempha tchuthi cha maliro anayankhidwa tsiku lomwelo kapena pepala lake lili m'thumba mwanu? Chakudya chikapsa, imani pambali anthu ayambe atenga, mudzadziwa msanga ngati ndiwo zikukwana. Majekete oyandamitsa muwawerenge nokha ndi kuwagwira zomangira, mafuta muyeze nokha musanasaine. Nkhani yoipa, kaya ndi tchuthi choimitsidwa kaya ulendo wotalikitsidwa, aimve kwa inu, tsiku lomwe mwaimva, ndi chifukwa chake ngati mukuloledwa kunena. Musalonjeze chimene chili m'manja mwa munthu wina. Ndipo tulo muziwerengera ngati mafuta. Mu 2017 sitima ziwiri za America, USS Fitzgerald ndi USS John S. McCain, zinagundana ndi sitima zamalonda motalikirana miyezi iwiri, anafa amalinyero 17, ndipo ofufuza anatchula kutopa, kuperewera kwa maphunziro ndi alonda osauzana zimene akuona.

Chifundo chokha sichikwana. Anthu amaika moyo wawo m'manja mwa munthu amene aona kuti ntchito akuidziwa, kapena akuiphunzira moona mtima. Tsikani ku injini mukadetse manja, funsani makaniko akuonetseni pamene pamavuta. Khalani ndi a sajeni madzulo akulozereni mitambo ndi mafunde zimene amawerenga. Safunsa adadya phula, ndipo ofesala wofunsa sataya ulemu, wonamizira kudziwa ndiye amagwidwa tsiku lomwelo. David Marquet anapatsidwa sitima ya America yoyenda pansi pa madzi, USS Santa Fe, mu 1999 ataphunzira za sitima ina. Pa zoyeserera analamula liwiro limene mota ya sitimayo inalibe, ofesala wa pa ulonda analibwereza lamulolo akudziwa kuti silingatheke, ndipo atafunsidwa anati anatero chifukwa bwana ndiye walamula. Kuchokera pamenepo Marquet anasintha kalankhulidwe: wamng'ono azibwera ndi mawu akuti "ndikufuna kuchita chakuti, chifukwa cha chakuti", kaputeni azingovomera kapena kufunsa. Yesani zimenezi pa zinthu zosaopsa, monga kukocheza masana nyanja ili bata. Mudzamva mmene munthu aliyense amaganizira, ndipo mudzadziwa woti mumusiyire chiwongolero usiku.

Horatio Nelson, mkulu wa sitima zankhondo za Britain, amakumbukiridwa ndi uthenga wa mbendera umene anatumiza pa nkhondo ya pamadzi ya ku Trafalgar, koma ntchito yeniyeni anaigwira masabata atatu nkhondo isanachitike. Atafika kufupi ndi doko la Cadiz ku Spain kumapeto kwa September 1805 anaitana makaputeni ake kudzadya pa HMS Victory, anawafotokozera mmene adzadulire mzere wa adani, kenako anawalembera kuti utsi ukaphimba mbendera, kaputeni amene wagundika sitima yake pambali pa ya mdani sangakhale atalakwa kwambiri. Pa 21 October sitima zake 27 zinakumana ndi 33 za France ndi Spain. Iye anawomberedwa nkhondo ili m'kati, koma makaputeni anapitiriza mpaka kupambana chifukwa aliyense ankadziwa cholinga. Mphindi zisanu pa doko, kuuza anthu anu kumene mukupita, chifukwa chake, nyengo imene mukuyembekezera ndi pothawira mphepo ikavuta, kenako n'kufunsa "pali chimene ndaiwala?", ndi mwambo womwewo pa boti la anthu ochepa. Funsolo muyambire kwa wamng'ono, chifukwa sajeni akayankha kaye enawo amangotsatira.

Pali dzenje lina kutsidya, ndipo ofesala amene wachita manyazi ngati inu amagweramo mosavuta: kufuna kukondedwa. Musayambe kumwa nawo mpaka usiku, musabwereke kapena kubwereketsa ndalama kwa munthu amene mumamulamula, ndipo musalole kuti zioneke ngati wakwanu ndiye amapeza ulonda wopepuka. Chilango chikafunika chiperekedwe mofanana, m'njira yolembedwa, mkwiyo utazizira. Anyamata amapirira bwana wokhwimitsa malamulo amene sasintha mawanga, koma wokondera samukhululukira.

Kumbukiraninso kuti kukhulupirika kwanu kumayang'ana kumwamba ndi pansi pomwe. Mu March 2020 matenda a COVID-19 atalowa pa sitima yankhondo ya America, USS Theodore Roosevelt, Kaputeni Brett Crozier analemba kalata yopempha kuti anthu ake ambiri atsitsidwe pa chilumba cha Guam, n'kunena kuti sali pa nkhondo, amalinyero sayenera kufa. Kalatayo inatulukira m'nyuzipepala, iye anachotsedwa pa 2 April, ndipo potsika anthu ake mazanamazana ankaimba dzina lake. Mkulu amene anamuchotsa, Thomas Modly, anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa atamunyoza pamaso pa anthu omwewo. Komabe kafukufuku wa pambuyo pake sanamubwezere pa mpando, anati nayenso sanachite zonse zoyenera pa nthawi yake. Ine ndimaona kuti kulankhula analondola, njira ya kalata ndiyo inamupweteka. Kwa inu funso ndi ili: chinakukakamizani kunyamuka madzulo aja n'chiyani? Ngati linali lamulo lochokera kumwamba, munayenera kutenga wayilesi n'kuwauza kuti sajeni wodziwa nyanja akuona mwera, mukupempha kudikira m'mawa. Akanakana mukanapita, koma atadziwa zimene mukudziwa. Ngati anali manyazi okha, mwaona mtengo wake.

Pali zina zimene simuyenera kusenza nokha. Mukakambirana ndi a sajeni koma iwo n'kupitiriza kukunyozani dala pagulu, kuuza anyamata kuti asakumvereni, kapena kukana lamulo loyenera, lembani tsiku, mawu ndi amene analipo, mupite kwa mkulu wanu musanachite china chilichonse, chifukwa pamenepo nkhani yasintha. Chimodzimodzi munthu akabwera pa ulonda ataledzera, zida kapena mafuta zikasowa, wina akamaopsezedwa kapena kuzunzidwa ndi anzake. Mukapatsidwa lamulo limene mukuona kuti likuphwanya malamulo, pemphani lilembedwe ndipo funsani ofesala wa zamalamulo. Mnyamata akasintha mwadzidzidzi, osadya, osagona, kudzipatula, kapena kulankhula zofuna kudzipha, musamusiye yekha, musamupatse mfuti, ndipo mupite naye kwa dokotala kapena m'busa wa asilikali tsiku lomwelo. Inunso ngati ulendo wa mu mwera uja ukukubwererani usiku mpaka kukusowetsani tulo, kapena mwayamba kuopa kutulutsa lamulo, pezani ofesala wamkulu amene sali mu mzere wokulamulani mukambe naye, ndipo zikapitirira mwezi kaonaneni ndi dokotala.